Liwiro la Mumchenga

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene anayamba kunena mawuwa ankaudziwa mchenga. Phazi likaponda limamira, polizula mchengawo umakulanda theka la mphamvu, ndipo mnzako akangokusiya ndi mapazi khumi, mapazi khumiwo uzingowaona mpaka kumapeto. Panthaka yolimba wochedwa amadalira miyendo yake. Mumchenga nonse mumavutika mofanana, choncho mpata umene unatseguka ponyamuka sutsekeka wamba.

Pa 1 July 1989, mumzinda wa Luxembourg, anthu 198 anasonkhana kuti ayambe Tour de France, mpikisano wa njinga wa masabata atatu umene chaka chimenecho unali wa makilomita 3,285. Malamulo ake ngosavuta kumva. Tsiku lililonse lili ndi gawo lake, nthawi imene munthu watenga pa gawo lililonse imaphatikizidwa, ndipo amene nthawi yake ndi yochepa kuposa onse amavala jezi yachikasu. Tsiku loyamba linali lolawitsa chabe: makilomita 7.8, aliyense kunyamuka payekha n'kulimbana ndi wotchi. Womaliza kunyamuka anayenera kukhala katswiri wa chaka chapitacho, Pedro Delgado wa ku Spain. Nthawi yake itakwana, ponyamukira panalibe munthu. Wotchi inayamba kuwerenga, poti ilibe mlamu. Mwini wake anali m'misewu yapafupi, akuwongola miyendo. Anatulukira patadutsa mphindi 2 ndi masekondi 40, jezi yachikasu ili m'thupi, anthu a timu yake atagwira kale m'mutu.

Kupalasa kokha anapalasa bwino. Pamsewu anangosiyidwa ndi masekondi 14 ndi Erik Breukink amene anapambana tsikulo. Koma papepala analembedwa kuti watsala ndi mphindi 2 ndi masekondi 54, nambala 198 mwa anthu 198. M'mawa mwake zinaipiratu. Madzulo a tsikulo kunali gawo la makilomita 46 limene timu iliyonse imapalasa payokha, anthu 9 atandondozana. Delgado, mtsogoleri wa timu ya Reynolds, analephera kutsatira anyamata ake omwe, mpaka iwo anachita kumudikira. Anafika omaliza. Asanatuluke n'komwe m'dziko laling'ono la Luxembourg, Delgado anali atasiyidwa ndi Laurent Fignon ndi mphindi 7 ndi masekondi 20, ndipo Greg LeMond anali atamusiya ndi mphindi 6 ndi masekondi 29.

Tiyeni tiwerengere. Ku Paris, patatha masabata atatu, Delgado anamaliza wachitatu, mphindi 3 ndi masekondi 34 kumbuyo kwa wopambana. Ndiye kuti kuyambira tsiku lachitatu mpaka lomaliza, iye anapalasa mofulumira kuposa anthu awiri amene anamugonjetsawo, Fignon ndi LeMond, ndipo osati pang'ono. M'mapiri a Pyrenees anawabweza mphindi zambirimbiri. Atafika pamwamba pa Alpe d'Huez, mpata wa pakati pa iye ndi jezi yachikasu unali wosakwana mphindi 2. Pomwepo mpamene mchenga unayamba kulonjerera ngongole yake. Wothamangitsa anzake amawononga mphamvu tsiku lililonse pamene iwo akusunga zawo, ndipo m'masiku otsiriza miyendo ya Delgado inakana. Pa munthu ameneyu mwambi uja unakwaniritsidwa wonse, popanda chotsala.

Koma mpikisano wa 1989 sukumbukiridwa chifukwa cha Delgado, ndipo anthu awiri amene amakumbukiridwawo amauvutitsa mwambiwu.

Greg LeMond wa ku America ndiye anali wochedwa weniweni, wochedwa ndi zaka ziwiri zathunthu. Mu 1986 anakhala munthu woyamba wochokera kunja kwa Ulaya kupambana mpikisanowu. Chakudza sichiimba ng'oma: mu April 1987, ali kosaka nkhukundembo zam'tchire ku California, mlamu wake anamuwombera mwangozi ndi mfuti ya tizipolopolo tambirimbiri. Anataya magazi ochuluka moti akanachedwa naye kuchipatala sakanakhala moyo. Madokotala anachotsa tizipolopolo timene akanatha kuchotsa, toposa 30 n'kutsala m'thupi, tina pafupi ndi mtima. Chaka cha 1988 chinapita ndi matenda a mwendo ndi mipikisano yosamaliza. Matimu akuluakulu anamutaya, iye n'kukagwera ku ADR, timu ya ku Belgium yopanda akatswiri okwera mapiri ndiponso yovuta pa malipiro. Mwezi wa June 1989 anamaliza Giro d'Italia ali nambala 39, pafupifupi ola lathunthu kumbuyo kwa wopambana. Chimene anthu ochepa anachisunga m'mutu n'chakuti pa gawo lotsiriza la mpikisano wa ku Italy umenewo, lolimbana ndi wotchi, LeMond anali wachiwiri.

Wopambana Giro ameneyo anali Fignon. Mwana wa ku Paris, wovala mandala, tsitsi lachikasu lalitali lomangidwa kumbuyo, amene atolankhani ankamutcha pulofesa chifukwa anapondako ku yunivesite pamene anzake ambiri anali ana a alimi ndi amisiri. Anapambana Tour de France mu 1983 ali ndi zaka 22, n'kubwereza mu 1984 mochititsa mantha. Kenako naye anagwa. Opaleshoni ya mtsempha wa chidendene mu 1985 inamudyera zaka, ndipo mu 1989 mpamene anali atabwereranso mwakale. Awiriwa sanali alendo kwa wina ndi mnzake. Anakulira khola limodzi, timu ya Renault, pansi pa mphunzitsi mmodzi, Cyrille Guimard, ndipo mu 1984 Fignon akupambana, LeMond anali wachitatu. Mu 1989 Guimard anali akadali ndi Fignon, ku timu ya Super U.

Ku Luxembourg awiriwa anayambiradi limodzi: tsiku loyamba lija onse anatsala ndi masekondi 6 kwa Breukink. Kuyambira pamenepo mpaka ku Paris, mpata wa pakati pawo sunapitirirepo masekondi 53. M'masabata atatu, pa misewu ya mvula ndi ya dzuwa, palibe anasiya mnzake ndi mphindi yathunthu pa chiwerengero chonse.

Mchenga wa wopalasa njinga ndi mphepo. Munthu akamathamanga makilomita 50 pa ola, pafupifupi mphamvu zake zonse zimathera pokankha mpweya umene uli patsogolo pake, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mpweyawo kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake opalasa amayenda chigulu, wina atabisala kumbuyo kwa mnzake. Wobisalayo amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. N'chifukwa chakenso timu panthawiyo inkakhala ndi anthu 9, asanu ndi atatu ogwira ntchito yotchinga mphepo, kutunga madzi ku galimoto ndi kuthamangitsa othawa, kuti mmodzi afike kuphiri ali ndi mphamvu. Pa gawo lolimbana ndi wotchi zonsezi kulibe. Munthu amakumana ndi mphepo yekha, chifuwa chake chili pamtetete.

Pa 6 July panali gawo lotere, lalitali, makilomita 73 kuchokera ku Dinard kukafika ku Rennes. LeMond anatulukira ndi chinthu chimene anthu ambiri a ku Ulaya ankachiona ngati choseweretsa. Pamwamba pa mahandulo a njinga yake anamangapo chitsulo chopindika cholozera kutsogolo, chokhala ndi potsamiritsa zigongono. Zitsulo zoterezi ankagwiritsa ntchito ndi anthu a ku America ochita mpikisano wosambira, kupalasa ndi kuthamanga, ndipo timu ya 7-Eleven inali itaziyesapo kale chaka chomwecho. Wozigwira amasonkhanitsa manja patsogolo, mapewa n'kupanikizana, mutu n'kutsika, ndipo mphepo imapeza pomenya pochepa. Oweruza anaziona n'kuzilola. LeMond anapambana gawolo, Delgado wachiwiri, Fignon wachitatu atasiyidwa ndi masekondi 56. Munthu amene miyezi iwiri yapitayo ankaganiza zosiya njinga anavala jezi yachikasu, akutsogola ndi masekondi 5.

Tisunge tsikuli, pakuti kuchokera pa 6 July kufika pa 23 July pali masiku 17.

Zimene zinachitika m'mapiri zinali kulandana. Ku Pyrenees, tsiku limene Robert Millar anapambana pa Superbagnères, Fignon anathawa chakumapeto n'kulanda jezi ndi masekondi 7. (Dzulo lake, ku Cauterets, anapambana ndi mnyamata wina wamtali wotumikira Delgado, dzina lake Miguel Induráin. Palibe ankadziwa kuti kuyambira 1991 mpikisanowu udzakhala wake zaka zisanu zotsatizana.) Fignon ankadandaula poyera kuti LeMond amangokakamira kumbuyo kwa anthu, osatsogola ngati mwini jezi. Dandaulolo linali loona, koma LeMond akanatani? Mutu umodzi susenza denga, ndipo msewu ukangoyamba kukwera, anyamata a ADR ankatsala m'munsi onse. Munthu wopanda omutchinjiriza amabisala kumbuyo kwa adani ake, ndipo imeneyo ndi nzeru, ngakhale siikondweretsa oonerera. Ku Alps, pa gawo lokwera phiri aliyense payekha kukafika ku Orcières-Merlette, LeMond analandanso jezi ndi masekondi 40, ndipo ku Briançon anawonjezera mpaka 53.

Kenako Alpe d'Huez, phiri la makona 21, anthu atadzaza mbali zonse za msewu. Gert-Jan Theunisse wa ku Netherlands anali patsogolo yekha, akupita kukapambana gawolo, koma nkhani inali kumbuyo kwake. Guimard, ali m'galimoto, anaona mapewa a LeMond akugwedezeka. Ankawadziwa mapewa amenewo, pakuti ndiye anamulera mnyamatayo, ndipo ankadziwa kuti akayamba kutero ndiye kuti mphamvu zatha. Anayandikiza galimoto n'kuuza Fignon kuti athawe pomwepo. Fignon anakana, nayenso anali atatheratu. Panapita mtunda ndithu Guimard asanapeze mpata wobwereranso kudzamukakamiza, ndipo Fignon ananyamuka kutatsala makilomita 4 okha. Pa makilomita anayiwo anamusiya LeMond ndi mphindi 1 ndi masekondi 19, n'kulandanso jezi. Tangoganizani akananyamuka pamene anauzidwa koyamba. M'mawa mwake anathawanso yekha polowera ku Villard-de-Lans, anapambana gawolo, ndipo mpata unafika masekondi 50.

Masekondi 50 ankaoneka okwanira kwa aliyense wodziwa masamu a njinga. Gawo lotsiriza linali lolimbana ndi wotchi, koma lalifupi: makilomita 24.5 kuchokera ku Versailles kukafika pamsewu wa Champs-Élysées, njira yotsetsereka pang'ono. Kuti apambane, LeMond anafunika kubweza masekondi oposa 2 pa kilomita iliyonse, kwa munthu amene anapambana mpikisanowu kawiri, akupalasa mumzinda wakwawo, m'chaka chimene dziko la France linkakondwerera zaka 200 chichitikire kuukira kumene kunagwetsa ufumu. Nkhani ya chipambano cha Fignon inali yolembedwa kale m'mitu ya atolankhani.

Apa mpamene mwambi uja umasokonekera, chifukwa pa gawo lotere anthu sayambira limodzi. LeMond ananyamuka, ndipo patapita mphindi 2 Fignon ananyamuka womaliza. Sankaonana. LeMond anauza a timu yake kuti asamuuze nthawi m'njira, chifukwa kudziwa sikukanamuthandiza: analibe china chochita koma kupereka zonse kuyambira mita yoyamba. Anavala chipewa chosongoka kumbuyo, zigongono pazitsulo zija, gudumu lakumbuyo lomata lopanda masipoko. Fignon ananyamuka mutu uli pamtunda, tsitsi likuuluka, manja atatambasuka pa mahandulo, magudumu onse awiri omata. Pansi pake anali ndi chilonda chimene chishalo chinamutupitsa masiku otsirizawo, chomulepheretsa kugona ndi kukhala bwino panjinga. LeMond anamaliza pa mphindi 26 ndi masekondi 57, liwiro la makilomita 54.545 pa ola, n'kuima kudikira. Fignon anatsala ndi masekondi 58. Atadutsa mzere anadzigwetsa pansi.

Masekondi 8, pambuyo pa maola oposa 87 ali pachishalo. Pa liwiro limene anayenda nalo mpikisano wonse, masekondi 8 ndi mamita 83 kapena kuposerapo pang'ono, osafika kutalika kwa bwalo la mpira. Mpata wochepetsetsa umene unalipo kale unali masekondi 38, pamene Jan Janssen anagonjetsa Herman Van Springel mu 1968, ndipo mpaka lero palibe mpikisano wa Tour de France wa amuna umene unatha moyandikana kuposa wa 1989.

Anthu amakonda kusakasaka masekondi asanu ndi atatuwo, ngati kuti anagwera malo amodzi pamene munthu angapite kukawatola. Ena amati anali m'tsitsi, akanangolimeta kapena kulibisa m'chipewa. Ena amaloza gudumu lakutsogolo lomata, limene mphepo yam'mbali imalikankha. Ena amati chilonda chija, ena amati makilomita aja anazengereza pa Alpe d'Huez, ena amakumbutsa za 14 July, tsiku la chikondwerero cha dziko, pamene Fignon anathawa chigulu pamodzi ndi Charly Mottet polowera ku Marseille, n'kuwononga mphamvu pachabe poti anawapeza. Onsewa akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake palibe amene akunena kanthu. Mpikisano wotha ndi masekondi 8 uli ndi zifukwa zana, chilichonse chokwanira pachokha. Madzi akatayika saoleka, ndipo awa anatayikira m'misewu ya dziko lonse.

Komabe ine ndimabwerera ku Rennes. Ngati pali pamene Fignon anachedwa kunyamuka, mpomwepo. Delgado anachedwa ndi mphindi 2 ndi masekondi 40, dziko lonse likuona, ndipo anasekedwa. Kuchedwa kwa Fignon kunalibe wotchi yokuwerenga. Pa 6 July anaona ndi maso ake munthu amene mwezi wapitawo anamusiya ndi pafupifupi ola lathunthu ku Italy akumusiya iye ndi masekondi 56, atagwira chitsulo chachilendo. Iye ndi Guimard anali ndi masiku 17 oti achipeze, achiyese, kapena akachitsutse mwamphamvu kwa oweruza. Ndipo Guimard sanali munthu woopa zatsopano. Timu yake ya Renault ndi imene inatsogola kuyesa njinga m'nyumba zoyezera mphepo zaka zingapo m'mbuyomo. Pofika ku Versailles, awiriwa anali asakuthamanganso mumchenga umodzi. Wina ankamira mpaka m'kakolo, wina anali atapeza pouma.

Chowawitsa mtima n'chakuti njoka imeneyi inali itamulumapo kale. Mu 1984, pa Giro d'Italia, Fignon anafika tsiku lomaliza akutsogola, ndipo gawo lomalizalo, lokathera ku Verona, linali lolimbana ndi wotchi. Francesco Moser anabwera ndi njinga yotsika kutsogolo ya magudumu omata, zinthu zatsopano panthawiyo, n'kumulanda chipambano. Fignon anaphunzirapo. Umboni wake ndi magudumu awiri omata amene ananyamuka nawo ku Versailles. Anabwera atakonzekera bwino lomwe nkhondo ya zaka zisanu zapitazo.

N'kosavuta kumuponyera mwambi wina, wa safunsa amene anadya phula, n'kutseka nkhani. Sindikuganiza kuti ukumuyenera. Lamulo la nthawiyo linkanena za malo atatu amene thupi la wopalasa liyenera kukhudza njinga, ndiwo chishalo, mahandulo ndi zopalasira, ndipo panali anthu ozindikira amene ankaona kuti potsamiritsa zigongono ndi malo achinayi. Munthu amene wavala jezi yachikasu, akutsogola ndi masekondi 50, ali ndi chilonda pokhalira, sasintha kakhalidwe kake panjinga tsiku lomaliza chifukwa cha chitsulo chimene sanachizolowere ndiponso chimene mawa angachiletse. Wotsogola amasunga zimene zamufikitsa pamene ali. Woyesa zachilendo ndi amene alibe chotaya, ndipo LeMond, ndi mtovu wake m'thupi ndi timu yake yosalipira, analibedi chotaya. Kuchedwa kwake kwa zaka ziwiri kuja n'kumene kunamumasula. Mwambi wa mchenga sunaganizire za munthu wotere, amene anatsala kutali kwambiri mpaka anasiya kutsata mapazi a anzake n'kuyamba kuyang'ana njira ina.

Ndisachepetsenso miyendo yake. Chitsulo sichipalasa njinga. Patangotha mwezi umodzi, ku Chambéry, pa mpikisano wa dziko lonse wa tsiku limodzi, m'mvula, popanda zitsulo zotsamira, LeMond anapambananso, Fignon ali m'kagulu komweko kotsogola. Mu 1990 anapambana Tour de France kachitatu.

Fignon sanapambanenso Tour de France. Anasiya mipikisano mu 1993, anakhala wokonza mipikisano ndi wofotokoza za njinga pa wailesi yakanema, ndipo anamwalira ndi khansa pa 31 August 2010 ali ndi zaka 50. Munthu amene anapambana Tour de France kawiri, Giro d'Italia kamodzi ndi Milan-San Remo kawiri ankadziwika m'misewu ngati uja anagonja ndi masekondi 8, ndipo zinkamuwawa. Kwawo nakonso chilondacho sichinapole, poti chipambanire Bernard Hinault mu 1985, palibe mwamuna wa ku France amene wapambananso mpikisano wa dziko lakewu, ndipo palibe anayandikirapo ngati mmene anayandikirira Fignon. Okonza mpikisano sanaikenso gawo lolimbana ndi wotchi pa tsiku lomaliza mpaka mu 2024.

Zitsulo zija Fignon anadzazipeza. Patangopita masabata ochepa chigonjereni ku Paris, anapita nazo ku Belgium, ku mpikisano wolimbana ndi wotchi wotchedwa Grand Prix Eddy Merckx, atazimanga pa mahandulo ake monga anachitira LeMond. Oweruza a kumeneko anawerenga lamulo lija la malo atatu mwanjira yawo, ndipo anamuletsa, ati zitsulozo n'zosaloledwa. Chaka chotsatira pafupifupi aliyense wofuna kupambana anali nazo.